Kupatula nkhalango yachilengedwe kumudzi inu muli kuno ku Joni

Abale anga a kuno ku Joni, ndalama zomwe timatumiza kumudzi zimathera pa malata, feteleza ndi njerwa, ndipo njerwazo amaziwotcha ndi mitengo ya m'phiri lomwe tinkatolamo masuku tili ana. Ine kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndimasamalira maluwa ku Emmarentia, pafupi ndi Melville Koppies. Kaphiri kameneka ndi miyala, udzu ndi tchire basi, koma mu 1959 anakapatula kuti pasamangidwe nyumba, ndipo mpaka lero anthu amapita kukakaona. Mitengo yambiri ya mu Johannesburg ndi yochita kubzala, ngakhale jacaranda anachokera ku South America. Zomera zenizeni za kuno zinapulumukira m'malo opatulidwa ngati amenewa. Nafenso tingathe kuchita zimenezi kwathu, ndipo sizifuna ndalama zambiri.

Yambani ndi eni malo. Musangoimbira mchimwene wanu foni n'kulamula chifukwa ndinu otumiza ndalama. Kwathu malo ndi a mbumba, choncho amalume, omwe ndi mwinimbumba, ayambe kumva, kenako amayi ndi alongo athu, chifukwa iwowa ndi amene amatola nkhuni. Akapanda kuvomera amenewa, nkhalango kulibe. Mukagwirizana m'banja pitani kwa amfumu. Nkhaniyi imayenda bwino mukapita nokha pa tchuthi cha Disembala n'kukhala nawo pamphasa.

Sankhani malo otsetsereka, a miyala, kapena pomwe pamayambira kamtsinje. Munda wa chimanga usiyeni, njala ingakudanitseni ndi abale. Chofunika kuyang'ana ndi zitsa. Ngati pali zitsa za mombo, msuku, muwanga kapena mlombwa zomwe zikuphukira, malowo ndi omwewo.

Kenako ikani malire pamaso pa mboni, ndi miyala kapena khonje, ndipo zilembedwe. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mfumu kupatula nkhalango ya m'mudzi yoyang'aniridwa ndi komiti ya zachilengedwe, ndipo alangizi a zankhalango a kuboma amathandiza kulemba malamulo ake. Ngati malowo ndi a banja, lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kuwalembetsa. Pepala limathandiza tsiku lomwe amfumu ovomereza aja adzamwalire.

Apa ndiye ndikupemphani kwambiri: musathamangire kugula mbande za bulugamu kapena paini. Mitengo imeneyi ili ndi ntchito yake ya milimo ndi matabwa, koma imamwa madzi ambiri ndipo pansi pake pamakhala mbee. Chitsa cha mombo chili kale ndi mizu yakuya, choncho mphukira zake zimapirira chilimwe kuposa mbande za m'machubu. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, modula kuchokera pansi kupita m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Tengulirani nthambi za m'munsi, osapitirira theka la msinkhu wa mtengo, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Alimi a ku Niger anabwezeretsa mitengo m'minda yawo mwa njira yomweyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, kumalo kouma kuposa kwathu. Kubzala kusungireni pomwe palibiretu chitsa, ndipo mubzale yakwathu: katope ndi mkuyu m'mbali mwa madzi, mbawa pa nthaka yakuya. Nyengo yobzala mitengo ku Malawi imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo.

Adani aakulu ndi moto ndi mbuzi. Mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumiretu, lambulani njira yotakata kuzungulira malo onse. Moto wa mu Okutobala, makamaka wa osaka mbewa, umapsereza mphukira zonse tsiku limodzi. Mbuzi zisalowemo mpaka nsonga za mitengo zitapitirira pomwe zimafikira.

Musatseke nkhalango ngati manda. Kumanda mitengo inatsala chifukwa cha ulemu ndi mantha, koma iyi iyenera kudyetsa anthu kuti aikonde. Lolani nkhuni zouma, udzu wofolera, masuku, bowa ndi mankhwala azitsamba, bola osadula mtengo. Bowa wambiri wa m'miombo amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengoyi, n'chifukwa chake amasowa phiri likametedwa. Makala okha ndiwo aletsedwe kotheratu, ndipo chindapusa chake anthu agwirizane pabwalo. Ming'oma ya njuchi imabweretsa uchi wogulitsa, komanso wakuba amaganiza kawiri asanalowe ndi nkhwangwa.

Ena adzakufunsani kuti phindu lake n'chiyani. Akumbutseni za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsetsereka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mizu imagwira nthaka, masamba ogwa amamwetsa mvula pansi, zitsime sizifulumira kuphwa. Mtengo ukamakula umasunganso mpweya wa kaboni m'thunthu ndi m'mizu, mpweya womwewo umene ukutenthetsa dziko n'kusokoneza mvula. Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndipo boma palokha silingakwanitse. Komanso ine sindichita manyazi kunena za kukongola: phiri la mombo likaphuka masamba ofiira mu Seputembala, mvula isanagwe n'komwe, palibe munda wa maluwa kuno womwe ndauona wofanana nalo.

Gawo lathu ife akutali ndi ndalama yochepa koma yosadukiza. Ngati muli pa chipereganyu ndi anzanu a mudzi umodzi, patulani kangachepe mwezi uliwonse kolipira woyang'anira ndi olambula malire. Tumizani kwa komiti, osati kwa munthu mmodzi. Apempheni kuti azijambula malowo ataima pa mwala umodzimodzi, m'dzinja ndi m'chilimwe, n'kutumiza pa WhatsApp, kuti aliyense wosonkha aziona mmene mphukira zikukwerera.