Karavani isalowe mchisanu ili ndi madzi m'mapaipi

Abale amene muli ku UK ndi ku Canada omwe munagula karavani yokoka ndi galimoto, nkhani ya madzi musamaitenge mopepuka October akafika. Ambiri timangoyimika, kukhoma chitseko, basi tidzaionanso mu March, nde pobwera mupeza pansi pa mpando panyowa, matabwa afufuma, pampu ikungolira osatulutsa kanthu. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti ndipo amang'amba chilichonse chomwe chawatsekera, monga muja limaphulikira botolo la Fanta mukaliiwala mu filiza. Usiku umodzi wokha wotsika pansi pa 0 ndi wokwanira kuswa mpopi kapena giza. Ku UK ine ndimati mawotchi akamabwezedwa Lamulungu lomaliza la October ntchitoyi ikhale itatheka kale.

Yambani ndi kuzimitsa giza, ku magetsi ndi ku gasi komwe, mudikire madzi azizire kaye. Giza yoyaka mulibe madzi imapsa. Zimitsaninso pampu. Kenako fufuzani vavu yotayira madzi, m'makaravani ambiri a ku UK ndi kachogwirira kachikasu pafupi ndi giza, kawirikawiri pansi pa mpando, mukakaimiritsa madzi amayamba kutsikira panja pansi pa karavani. Magiza ambiri a kampani ya Truma amasunga malita 10, ndiye musathamange, ilekeni ikhe mpaka isiye kudontha. Mipopi yonse itsegulidwe kuti mpweya ulowe, ndipo ija yachogwirira chimodzi yosakaniza otentha ndi ozizira muiike pakatikati, mukaikhotetsera mbali imodzi paipi inayo imatsala ndi madzi. Isiyeni yotsegula choncho nyengo yonse. Mutu wa shawa muchotse, muukutumule, paipi yake ilendewere pansi. Ena amatsegula vavu ija ponyamuka ulendo womaliza kuti kugwedezeka kwa pamsewu kukhutule otsalira, nzeru yabwino imeneyo.

Koma kukhetsa kokha sikuchotsa onse ayi, pamene paipi yakhota pamatsala timadzi. Apa mpofunika kupopera mpweya ndi kompulesa, pang'onopang'ono, osapyola 30 psi, mukutsegula mpopi umodziumodzi mpaka uzingotulutsa mpweya wokhawokha. Toyileti musaiiwale, thanki ya madzi ogujumulira ikhuthulidwe, kaseti, thanki yosolola ija yolandira zonyansa, itsukidwe, labala yake muipake silicone kapena mafuta a olive, osati Vaseline chifukwa imawononga labala. Ngati muli ndi Alde yotenthetsa mkati, madzi a m'mapaipi ake ofunditsa musawakhudze, amenewo ali kale ndi mankhwala oletsa kuundana, mukhetse a kumwa ndi osamba okha.

Inu a ku Canada kumene kumafika -20 ndi kupyola, thiraninso antifreeze (mankhwala oletsa kuundana) wapinki uja wa RV, ndiye kuti wa makaravani, wolembedwa kuti ndi wa mapaipi a madzi akumwa. Chonde chonde musayerekeze kuthira wa mu injini ya galimoto, ameneyo ali ndi ethylene glycol, ndi poizoni, amapha munthu ndi ziweto zomwe. Musanathire tembenuzani mavavu a bypass kuti asalowe mu giza, apo ayi mungotaya magaloni 6 pachabe. Pampu ikoke kuchokera mu chigubu, mutsegule mpopi uliwonse mpaka mutaona pinki, ndi kapu imodzi muthire mu sinki ndi mu shawa. Batire mupite nayo kunyumba muzikaitchaja, yofooka ikasiyidwa pozizira imafa msanga.

Tsopano pampu. Chimandiwawa ndi kuona munthu akutaya ndalama kugula yatsopano pomwe yakaleyo ilibe mlandu. Mverani kaye mmene ikuchitira.

Ikakhala chete osalira n'komwe, onani switch ya pa panelo, kenako fyuzi, kenako batire, yodzadza imawerenga cha m'ma 12.7 volts, ikatsika pansi pa 12 pampu imachita ulesi kapena kukaniratu. Kwa amene mumagwiritsa pampu yomiza mu Aquaroll, mgolo wa madzi wogubuduza uja, ngati za kampani ya Whale, yang'anani tizitsulo ta pa pulagi yolowa m'mbali mwa karavani, timachita dzimbiri tobiriwira, kungotipala pang'ono basi yadzuka. Makaravani ena ali ndi ka microswitch, ka switch kakang'ono koyatsa pampu, mkati mwa mpopi uliwonse, ndiye ngati pampu ikuyaka mukatsegula wa kukhitchini koma wa kubafa ayi, vuto lili mu mpopiwo.

Ikamalira koma madzi osabwera, chinthu choyamba pitani mukaone kachikasu kaja ngati munakagoneka, anthu ambiri amaiwala ndiye pampu imangotayira madzi pa udzu. A ku Canada onaninso vavu yokokera antifreeze ngati munaibwezera ku thanki. Zikakhala bwino zimenezo ndekuti mwalowa mpweya. Yomiza muigwedeze ili m'madzi momwemo muone tithovu tikutuluka, ndipo musaisiye ikulira pouma, imapsa. Ya mkati ngati Shurflo ili ndi kasefa ka pulasitiki yoonekera mbali yolowera madzi, kamasuleni mukayang'ane pa kuwala, chisanu chimakonda kukang'amba kamng'alu kochepa ngati tsitsi ndipo pampu imangoyamwa mpweya pamenepo. Kasefako ndi kotchipa kwambiri poyerekeza ndi pampu.

Ndiye pali ija yoti mipopi yonse ndi yotseka koma pakapita kanthawi mukumva drrr, yasiya, drrr, usiku wonse. Imeneyo ikukuuzani kuti pulesha ikuthawa penapake. Yalani mapepala a mu khitchini pansi pa polumikizira paliponse, kuseri kwa giza, pansi pa sinki, kuseri kwa toyileti, pomwe panyowe mpomwepo. Pakakhala pouma ponse, mwina madzi akubwerera kudzera mu vavu yoletsa kubwerera mbuyo yomwe yagwira zinyalala, kapena pressure switch, imene imayatsa pampu pulesha ikatsika, ikufuna kusintha pang'ono, makamaka mukachoka pa magetsi a pa malo oimikapo makaravani kupita pa batire yokha popeza mphamvu yasintha. Potembenuza kasikulu kake musapyole theka nthawi imodzi, yesani mpopi, kenako muonjezere.

Chisanu chikatha tsekani mavavu onse otayira madzi, a bypass aja muwabweze mmene analili, tsukani mapaipi ndi mankhwala ngati Puriclean, muthire madzi oyera mpaka fungo ndi pinki zithe, ndipo giza muiyatse pokhapokha mpopi wa otentha ukutulutsa madzi osalavula mpweya.