Chigamba cha Changu Chisadumphe Woyang'ana Wachiwiri

Regression ndi pamene chinthu chomwe chinkayenda bwinobwino mu pulogalamu chasiya kugwira ntchito chifukwa cha zomwe zasinthidwa kumene. Ogwiritsa ntchito amayamba kudandaula, osamalira pulojekiti mtima uli m'mwamba, ndipo chigamba choipa (chigamba ndi kusintha kwa khodi ya pulogalamu kofuna kukonza vuto) chimalowa pa nthawi ngati imeneyi.

Yambani ndi kupeza commit (kusintha kumodzi kosungidwa m'mbiri ya khodi) yomwe yawononga. Git bisect, yomwe ndi lamulo la mu Git (pulogalamu yosunga mbiri ya khodi), imakufunsani commit imodzi yabwino ndi ina yoipa, kenako n'kumadula pakati. Pa ma commit 1,000, kuyesa pafupifupi ka 10 kumakwanira. Mukaipeza, dzifunseni ngati mungangoibweza ndi git revert. Kubweza kumakubwezerani pa khodi yomwe anthu anaiyesa kale, pomwe chigamba cholembedwa usiku mothamanga palibe anachiyesapo. Chenjerani ngati ma commit ena anamangidwa pamwamba pake, chifukwa mukazula imodzi enawo amagwa.

Ngati kubweza sikutheka, chigambacho chikonze vuto limodzi lokha. Musasinthiremo mayina kapena kusesa zina zomwe zakunyansani panjira, chifukwa zimenezo zimaphimba mizere iwiri kapena itatu yomwe woyang'ana ayenera kuiona. Mwachitsanzo, ku pulojekiti ya Linux, chigamba chopita ku nthambi za stable (za khodi yotulutsidwa kale, zomwe zimangolandira zokonza) chisapitirire mizere 100, ndipo chikhale chitalowa kale mu nthambi yaikulu ya Linus Torvalds, yemwe anayambitsa Linux. Amalembanso mzere wa "Fixes:" wokhala ndi zilembo zosachepera 12 zoyambirira za nambala yozindikiritsa (ID) ya commit yolakwayo, kuti adziwe nthambi zakale zomwe zikufunika mankhwala omwewo.

Pamene sitilolera ndi apa: wolemba chigamba asadzivomereze yekha. Chepetsani nthawi yodikira, kuchoka pa masiku kufika pa maola, koma munthu wachiwiri aone ndithu. Iyeyo ayendetse test yatsopano pa khodi yakale aone ikulephera, aikepo chigamba aone ikudutsa. Test yomwe imadutsa mbali zonse ziwiri sinagwire vutolo. CI (makina oyendetsa ma test okha pa kusintha kulikonse) nayo imalize yonse; kuthamanga si kufika.

Samalani kwambiri pamene wina akukukakamizani kuti muphatikize lero lomwe. Mu Marichi 2024, Andres Freund anatulukira khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a anthu mu xz (pulogalamu yochepetsa kukula kwa mafayilo) 5.6.0 ndi 5.6.1, loikidwa ndi munthu yemwe anapatsidwa udindo anthu atapanikiza wosamalira pulojekitiyo kuti akuchedwa.

Mukaphatikiza, pemphani yemwe ananena za vutolo ayese pa kompyuta yake musanatseke nkhaniyo.