Momwe mungazindikirire bowa wodyedwa ndi bowa wakupha

Bowa amene amaoneka pamwamba pa nthaka ndi kagawo kakang'ono chabe ka chamoyo chobisika, chomwe ndi timaulusi toyera toyanga m'dothi, m'mitengo yowola kapena pamizu. Ali m'gulu la mafangayi limodzi ndi yisiti ndi chuku. Palibe chizindikiro chimodzi chimene chingakutsimikizireni kuti bowa ndi wabwino, choncho muyenera kuphatikiza zizindikiro zingapo musanaganize zomuika mumphika.

Choyamba, onani pamene wamera. Utale ndi abale ake a mtundu wa Termitomyces amamera pachulu kapena pafupi napo, chifukwa chiswe ndicho chimawalima m'kati mwa chulu, ndipo tsinde lawo limapitirira pansi ngati muzu wautali. Wamkulu mwa iwo, Termitomyces titanicus, amene akatswiri anamulemba m'mabuku mu 1980 atamupeza ku Zambia, chipewa chake chimatha kufika mita imodzi m'mimba mwake. Manyame amamera pansi pa mitengo yamoyo chifukwa amagawana chakudya ndi mizu yake, pomwe bowa wa oyisitala amamera pamitengo yakufa, n'chifukwa chake alimi amatha kumulima m'matumba odzaza zinyalala za mbewu.

Chachiwiri, musadule bowa pakati pa tsinde, koma mukumbe yense ndi mpeni mpaka kunsi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Bowa wa mtundu wa Amanita amatuluka m'kathumba konga chikhokhombe cha dzira, ndipo kathumbako kamatsala kokwiririka m'dothi. Mukadula pamwamba, mwasiya umboni wofunika kwambiri pansi. N'zoona kuti ndelema, amene amadyedwa, nayenso ndi Amanita ndipo ali nako kathumbaka, koma m'banja lomweli ndi momwe muli Amanita phalloides, amene theka la chipewa chake lingaphe munthu wamkulu. Kwa amene akuyamba kumene, bowa wokhala ndi kathumba kutsinde, mphete pakhosi ndi timizere toyera kunsi kwa chipewa ndi wofunika kumusiya pomwepo.

Chachitatu, tembenuzani chipewa. Bowa wina ali ndi timizere topyapyala ngati masamba a buku, wina ali ndi tizibowo ngati siponji. Manyame ali ndi makwinya okhuthala otsikira patsinde, amene sathothoka msanga mukawakanda ndi chala. Mung'ambeni muone ngati akutuluka madzi onga mkaka kapena akusintha mtundu, kenako mumununkhize.

Chachinayi, onani mtundu wa fumbi la mbewu zake. Dulani tsinde, ikani chipewa timizere tili pansi papepala lomwe theka ndi loyera theka lakuda, vundikirani ndi kapu, ndipo musiye usiku wonse. M'mawa mupeza chithunzi cha timizereto chitajambulika papepala. Fumbi la Amanita ndi loyera, pomwe la Agaricus, banja la bowa woyera wolimidwa, ndi lofiirira ngati chokoleti. Likakhala lobiriwira, ameneyo ndi Chlorophyllum molybdites, bowa wamkulu wokongola wa pakapinga amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa.

Ngakhale mutachita zonsezi, muonetseni munthu amene amawudziwa bwino mtunduwo, ali wathunthu komanso wamuwisi. Zoti bowa wodyedwa ndi tizilombo ndi wabwino, kapena kuti supuni imada ikakhudza wapoizoni, n'zabodza. Kuphika, kuyanika kapena kukazinga sikuchotsa poizoni wa Amanita phalloides. Choopsa china n'chakuti zizindikiro zake zimachedwa maola 6 mpaka 24, ndipo wodwala akasanza ndi kutsegula m'mimba amaoneka ngati wachira pamene chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Wina akadwala atadya bowa, thamangirani naye kuchipatala ndipo mutenge bowa wotsalayo kuti madokotala amuone.

Mafangayi ang'onoang'ono nawo ali ndi ntchito zawo. Yisiti ndiye amatupitsa buledi, ndipo mankhwala a penisilini anayambira pa chuku cha Penicillium chimene Alexander Fleming anachiona chikupha mabakiteriya m'mbale yake yoyezera ku London mu 1928. Koma chuku chobiriwira mwachikasu cha Aspergillus flavus, chimene chimagwira mtedza ndi chimanga zosungidwa zisanaume bwino, chimatulutsa poizoni wa aflatoxin woyambitsa khansa ya chiwindi. Mbewu zotere zitayeni, osazipereka ngakhale kwa ziweto, pakuti poizoniyo amatha kudutsa mpaka mumkaka wa ng'ombe.