Momwe tinasiyira kutumiza zotsatira za magazi pa WhatsApp

Ndimayang'anira ofesi ya kachipatala kena ku Limbe. Sitiyeza tokha magazi ambiri, timatumiza ku labu ina mtauni, ndipo kwa zaka zotsatira zinkabwera pa WhatsApp: chithunzi cha pepala, dzina la wodwala lili pamwamba. Tsiku lina chithunzi cha zotsatira za mayi wina chinapita pa foni ya namwino amene anasiya ntchito kalekale. Mwamwayi iye anatiimbira n'kuchifufuta, koma ine usiku umenewo sindinagone.

Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, bungwe la boma loona za mauthenga, limaika nkhani za umoyo m'gulu la zinsinsi zofunika kuzisamala kwambiri. Kunena kuti "analakwitsa ndi a labu" sikungatichotse pa mlandu, chifukwa wodwala anapereka dzina lake kwa ife.

Choyamba ndinachotsa mayina. Pa kabotolo ndi pa fomu timalemba nambala basi, ndipo kaundula wolumikiza nambala ndi dzina amakhala m'kabati yokhoma. Ngakhale wa kabaza wonyamula magazi sadziwa kuti wanyamula za yani.

Kenako tinalemberana mgwirizano ndi a labu: zotsatira azitumiza ku imelo imodzi yachipatala, asazipereke kwa wina aliyense, ndipo chikalakwika atiuze tsiku lomwelo. Abwana awo poyamba ankazengereza, ati tikuwakayikira. Ndinawapempha kuti, "Bambo, tangoganizani pepala la zotsatiralo litakhala lanu." Anasaina.

Mnyamata wotikonzera makompyuta ndinatsala pang'ono kumuiwala, chikhalirecho amaona mafayilo onse. Nayenso anasaina Lachisanu lapitali.