Momwe Mungakwanitsire Ndalama Zimene Mwalonjeza pa Ulendo wa Njinga Wothandiza Ena

Musanalembetse dzina pa ulendo wa njinga monga wochokera ku London kupita ku Brighton, wa mamailosi pafupifupi 54, womwe bungwe la ku Britain lolimbana ndi matenda a mtima la British Heart Foundation limakonza kuti lipeze zopereka, werengani mofatsa kuchuluka kwa ndalama zimene mukuyenera kusonkhanitsa, chifukwa kawirikawiri ndalama yolembetsera saiphatikiza ndi zopereka.

Gawani ndalamazo m'masabata. Ngati mwalonjeza £300 ndipo kwatsala masabata 12, mukufunika £25 sabata iliyonse, ndipo mtima umakhala pansi mukaiona motero. Tsegulani tsamba pa JustGiving, webusaiti yosonkhanitsira zopereka, kenaka pemphani kaye achibale ndi anzanu apamtima kuti apereke, popeza anthu amachita mphwayi akapeza tsamba lopanda kanthu, komanso ambiri amatsanzira kuchuluka kwa zopereka zoyambirira.

Akumbutseni amene amakhoma msonkho ku Britain kuti avomere Gift Aid, njira yomwe boma limabwezera ku bungwe msonkho wa pa chopereka, yomwe imawonjezera mapeni 25 (25p) pa £1 iliyonse, koma musaidalire pokwanitsa lonjezo lanu, pakuti mabungwe ambiri amaiwerengera padera.

Musatseke tsambalo mukangofika. Tumizani chithunzi chanu muli thukuta kamukamu pamwamba pa chitunda cha Ditchling Beacon, chomwe mumakwera musanafike ku Brighton, chifukwa ena amapereka akaona kuti mwapalasadi.