Momwe mungakonzere bwalo losafuna madzi ambiri pa mchenga wa m'mphepete mwa nyanja yamchere

Mchenga susunga madzi. Mukakhuthula ndowa yonse, pakangopita mphindi zochepa pamwamba pauma, madzi atsikira kumene mizu yaing'ono sifika. Kuwonjezera apo pali dzuwa loswa mtengo ndi mphepo yonyamula mchere kuchokera kunyanja. Kapinga ndi maluwa ogulira kukongola amapserera msanga pamalo otere. Zomera zimene zimamera zokha m'deralo zinazolowera kale zonsezi, ndiye bwalo lanu lidalire zimenezo.

1. Dziwani kumene mphepo imachokera

Onani mitengo yapafupi. Mbali imene masamba anawauka, kapena imene nthambi zinafupika, ndiyo imalandira mchere. Mawindo a mbali imeneyo amachitanso mbuu. Kumeneko kukhale zomera zolimba zokhazokha, zofewa zibisale kuseri kwa nyumba.

2. Sankhani zomera

Pitani pa milu ya mchenga mukaone zimene zikukondwa popanda wozithirira. Zambiri zili ndi masamba okhuthala onyezimira, kapena otuwa aubweya, omwe sataya chinyezi. Ipomoea pes-caprae, yoyanga ya maluwa ofiirira, ndi Canavalia rosea zimapezeka m'magombe ambiri a m'madera otentha ndipo zimagwira mchenga bwino. Kugombe la kum'mwera chakum'mawa kwa Africa kuli chitsamba cha Brachylaena discolor ndi mtengo wa Mimusops caffra. Ku Florida ndi ku Caribbean kuli mtengo wa Coccoloba uvifera.

Chomera chikhaledi cha kwanuko, kupirira chilala pakokha sikokwanira. Carpobrotus edulis kwawo ndi ku South Africa, koma atapita nayo ku California ndi m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, inayanga mpaka kupha zomera za kumeneko. Musakazulenso zomera pagombe. Mizu yake ndi imene imaletsa mchenga kuuluka, ndipo m'mayiko ambiri kutero n'kulakwira lamulo. Gulani mbande ku nazale.

3. Yambani ndi mpanda wa zitsamba

Bzalani zitsamba mizere iwiri mopingasa, zazifupi kutsogolo, zazitali kumbuyo. Mpanda wotere umafooketsa mphepo kuposa khoma, chifukwa mphepo ikawomba khoma imalumpha n'kudzazungulira mkati mwa bwalo.

4. Bzalani mvula ikamayamba

Kumbani dzenje lotakata kawiri kapena katatu kuposa dothi limene mbande yabwera nalo, koma lisazame kupitirira dothilo. Apa ambiri amalakwitsa chifukwa cha chifundo: amadzaza dzenje ndi manyowa okhaokha. Mizu ikapeza zabwino pamenepo imangozungulira m'dzenjemo osatuluka, kenako chilala chikabwera kapena mphepo ikakula, chomeracho chilibe pogwira. Ndi bwino kumwaza kompositi pang'ono pabedi lonse n'kusakaniza ndi mchenga wa pamwamba, dzenjelo n'kulikwirira ndi mchenga womwe munakumbawo. Feteleza ndiye kungotaya ndalama. Pa mchenga amatsika ndi madzi, ndipo zomera zimenezi sizimufuna kwenikweni. Mbande zazing'ono zimagwira msanga kuposa zazikulu, ngakhale bwalo limaoneka losauka miyezi yoyamba.

5. Phimbirani nthaka

Yalani masamba ouma kapena tizidutswa ta makungwa, kukhuthala kwake masentimita 5 mpaka 8. Siyani kampata kuzungulira tsinde kuti lisawole. Miyala imakongola, koma imatentha masana n'kuwotcha mizu ya pamwamba.

6. Thirirani kwambiri, koma patalipatali

Masabata oyamba thirirani pakapita masiku awiri kapena atatu, m'mawa, pang'onopang'ono kuti madzi alowe. Kenako muzitalikitsa mpaka kamodzi pa sabata. Musanathirire, pisani chala mumchenga: ngati pansi pali chinyezi, dikirani. Kuwaza timadzi tsiku lililonse kumachititsa mizu kukhala pamwamba, pomwe inu mukufuna itsike. Zitsamba zambiri zikatha chaka zimadzidalira, mitengo imafuna zaka ziwiri kapena zitatu.

Ngati mumatunga pachitsime kapena pamjigo wapafupi ndi nyanja, yezetsani madziwo, chifukwa nthawi ya chilala madzi amchere amatha kulowerera pansi. Mphepo yamkuntho ikawomba popanda mvula, tsukani masamba a mbande ndi madzi abwino m'mawa mwake, mchere usanawawaule.