Momwe mungasamalire mowa wa masese pamene kukutentha masana n'kuzizira usiku

Ofulula ambiri amaloza chala chimera mowa ukakana kuwira kapena ukasasa msanga, chonsecho vuto limakhala malo pamene aika mgolo. Yisiti, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa shuga kukhala mowa, imagwira bwino ntchito pa madigiri 25 mpaka 30. Kukazizira kwambiri imachita ulesi. Kukatentha kupitirira 35 imafooka, ndipo mabakiteriya owawasitsa amalanda bwalo.

Yambirani pa phala. Musathire chimera likadali lotentha chifukwa mphamvu yake yosungunula phalalo imafa. Dikirani lifunde, mpaka muthe kupisamo chala chotsuka bwino osachichotsa msanga.

Kenako sankhani malo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Nyumba ya malata yopanda siling'i ndi yoipa: masana muli ng'anjo, m'bandakucha muli chisanu. Mowa wotere umawira mwaphuma dzuwa likakwera, usiku n'kuima, ndipo pofika tsiku lomwa umakhala wowawasa koma wopanda mphamvu. Chipinda chapakati kapena khitchini yofolera udzu ndi bwino, kutali ndi khomo ndi zenera. Ngati pansi ndi pa simenti, yalani thabwa kapena chiguduli. Kusendeza mgolo kufupi ndi moto sikuthandiza, kumangotenthetsa mbali imodzi.

Mu June ndi July, makamaka ku Dedza, ku Mzuzu kapena chiperoni chikawomba ku Thyolo, kulungani mgolo ndi ziguduli kapena bulangete lakale dzuwa lisanalowe. Mowa ukamawira umatulutsa kutentha kwake, ndiye inu mukungokusunga. Fululaninso mu chiwiya chimodzi chachikulu, chifukwa tizidebe ting'onoting'ono timazizira msanga. Kukamwa kwa mgolo vindikirani ndi nsalu yoyera, osatseka ndi chivindikiro cholimba, mpweya uzituluka.

Mu October ku Nsanje kapena ku Salima, nyowetsani chigudulicho kuti chiziziziritsa, ndipo yambani kulawa msanga chifukwa mowa umapsa masiku asanakwane.

M'mawa ndi madzulo tcherani khutu pa mgolo. Ukamathetheka mofanana, thovu lili pamwamba, zili bwino.

Nyengo ya dzinja samalani ndi ufa wonyowa kapena wochita nkhungu. Mu January 2015 anthu 75 adafa ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique atamwa mowa wofulula ndi ufa wowonongeka, umene mabakiteriya adatulutsamo poizoni amene satha ngakhale muphike.